Achimwene andigulire kati ku Joni? Thandizeni pa nkhani ya ka MP4 kosunga zambiri

Wahokala ku Makanjira: Asalaam aleikum, moni nonse a pa gulu lino. Paja safunsa anadya phula, ndiye ndabwera ndi funso. Achimwene anga ali ku Joni akubwera mu Disembala, ndipo andifunsa chomwe ndikufuna andigulire. Ine ndati kachipangizo komverera nyimbo ndi kuonerapo mavidiyo, kolowa zambiri. Kuno netiweki imabwera mwa apo ndi apo, komanso foni yanga ndi yomwe ndimalandirira ndalama za makasitomala. Ndikayamba nyimbo m'mawa, pofika masana yathima, munthu akufuna kutumiza ya shuga ndi sopo, ine ndangoti kakasi. Ndiye anditumizira zithunzi ziwiri. Choyamba ndi ka MP4 katsopano, kopanda dzina lodziwika, pabokosi alemba 128 GB, kotchipa ndithu. Chachiwiri ndi iPod classic yogwiritsidwapo kale ntchito, ya 160 GB, yokwererapo mtengo. Mtima wanga uli pa 160 chifukwa ndi yambiri. Ndiwauze kati?

Wakabaza pa Mpondasi: Waaleikum salaam. Tengani ya 160 achimwene, nanga funso lili pati? 160 ndi 128 wamkulu ndani? kkkk

Mayi wa Usipa: Iii achimwene, ka 128 ako kathaweni. Ine kanandiliza chaka chatha. Ndinagula kotero komweko ku Limbe nditagulitsa usipa, kokongola, kofiira, pabokosi manambala akuluakulu. Ndinapita nako kobenetsa, mnyamata anandiikira nyimbo za kwaya, za ukwati, ndi mafilimu omasulira aja okwana khumi ndi awiri. Ndinalipira bwinobwino. Usiku ndili pamwamba pa matumba mu lole, tadutsa Ulongwe, ndati ndiyatse. Nyimbo zoyambirira zinalira. Kupita kutsogolo, mayina akuoneka koma ukadina kamangoti fayilo yawonongeka. Mafilimu onse khumi ndi awiri, palibe ndi imodzi yomwe inatseguka. Ndinabwerera kwa mnyamata uja n'kumulalatira kuti wandibera, pamene mwana wa eni ake analibe mlandu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wokonza Mafoni pa Boma: Amayi, zimene zinakuchitikiranizo ndimaziona pa benchi panga sabata ndi sabata. Ndifotokoze bwino kuti a Hokala amve. Memori yabodza imakhala yaing'ono, tinene 8 GB, koma anaipusitsa kuti izidzitchula 128 GB. Mukaiika pa kompyuta, kompyuta imakhulupirira zomwe memoriyo yanena. Mukamathira nyimbo, 8 GB yoyambayo imalowa bwino. Ikadzaza, memori sikana ayi, imangolandirabe, koma zikupita m'madzi. Zina zimafufuta zakale n'kulemba zatsopano pamwamba. Mayina okha ndi amene amatsala, ngati mndandanda wa maliro. N'chifukwa chake pogula, wogulitsa akakuikirani nyimbo zisanu zoyesera, zonse zimalira, inu n'kumapita mukumwetulira.

Mayi wa Usipa: Ndiye ndikapepese kwa mnyamata uja eti? Papita chaka ndikumudutsa osamupatsa moni.

Wobena Nyimbo pa Soko: Kapepeseni mayi, ife timanyozedwa zambiri chifukwa cha mamemori a feki omwe anthu amabwera nawo okha 😂

Wahokala ku Makanjira: Ndiye kuti a Kabaza akunena zoona, nditenge iPod?

Madala a ku Monkey Bay: Dikira kaye mwana wanga, usathamange. Ine iPod ndakhala nayo zaka zambiri, ndiye ndikuuze zokoma zake ndi zowawa zake. Yanga anandisiyira mlendo wina amene ndinkamuyendetsa pa boti ku Cape Maclear. Pa nkhani ya mawu, sindinamvepo kachipangizo kena kondikoma chotero, ndipo 160 yakeyo ndi yeniyeni, si yongolemba pabokosi. Kagudumu kake kosankhira nyimbo kaja ukakazolowera, umapeza nyimbo uli chitsinzire. Koma dziwa izi. A Apple anatulutsa iPod yoyamba mu 2001, inali ya 5 GB. Ya 160 GB inabwera mu 2007, ndipo mu 2014 anasiya kupanga iPod classic. Ndiye iliyonse imene achimwene ako aipeze, ngakhale ikhale yonyezimira chotani, yadutsa zaka khumi. Batire lake ndi nkhalamba ngati ine.

Chachiwiri, m'kati mwake mulibe memori ngati ya m'foni. Muli ka hard disk kakang'ono kozungulira, ukaika kukhutu umakamva kakulira pang'onopang'ono. Zozungulira sizigwirizana ndi kugwa kapena kugwedezeka. Yanga inagwa kamodzi kokha kuchoka pa mpando wa boti kufika pansi, mtunda wosakwana mkono, n'kuyamba kumveka kuti tcha, tcha, tcha, basi osayambanso. Tsopano iwe ukunena za Makanjira, ndi msewu wanu uja, uli pa njinga yamoto kukapikula katundu.

Wakabaza pa Mpondasi: Aaa madala, ndiye mwandigonjetsa. Msewu umene uja ngakhale mazira amafika atasanduka chipisi mayayi.

Wokonza Mafoni pa Boma: Madala anena zoona, ndiwonjezere za ine monga wokonza. iPod classic simangothira nyimbo ngati fulashi. Mukakopera mafayilo mwachindunji amalowa, koma pa mndandanda wa nyimbo saoneka. Pamafunika iTunes pa kompyuta, kapena pulogalamu ina yodziwa kulankhula nayo. A Wobena, pa Soko pamenepo muli ndi iTunes?

Wobena Nyimbo pa Soko: Sindinaiikepo n'kamodzi komwe. Akabwera nayo munthu ndimangomubweza.

Wokonza Mafoni pa Boma: Mwamva. Ndiye pali chingwe chake, chija chachikulu cha mapini 30. Chikaduka, pa Boma pano mudzazungulira msika wonse mpaka ku wotchi ya Queen Victoria osachipeza, mudzachita kuitanitsa ku Blantyre kapena ku Joni komweko. Ilibe Bluetooth, ilibe wailesi m'kati, ilibe sipika. Sikirini yake ndi mainchesi awiri ndi theka, ndipo vidiyo imafuna yosinthidwa kaye kuti igwirizane nayo. Alipo anthu amene amaitsegula, n'kuchotsa hard disk ija, kuikamo kabolodi kolowetsa mamemori khadi, batire latsopano, ena mpaka kuikamo pulogalamu yotchedwa Rockbox kuti izilandira nyimbo zongokopera. Ikatero imakhala chuma. Koma zimenezo ndi za munthu wokonda kusewera ndi zipangizo, osati wofuna kungomvera nyimbo akugulitsa mchere.

Madala a ku Monkey Bay: Yanga ndi momwe anaidzutsira mdzukulu wanga wa ku Lilongwe. Panopa ikulira bwino, koma ndalama zimene zinapita pamenepo sindiuza amayi akunyumba.

Aphunzitsi a ku Namwera: Ndalowa mochedwa, koma ndiloleni ndifunse funso limene palibe wafunsa. A Hokala, kodi mukufunadi 160 GB, kapena nambala yangokukomerani? Tiyeni tiwerengere limodzi ngati m'kalasi. Nyimbo ya MP3 ya 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi. Ya mphindi zinayi, tinene 4 MB. Memori ya 64 GB mukaiika pa kompyuta imaonetsa pafupifupi 59 GB, ndipo kumeneko si kuberedwa, ndi kusiyana kwa kawerengedwe pakati pa opanga ndi kompyuta. Mu 59 GB mukulowa nyimbo pafupifupi 15,000. Kuzimvera zonse osabwereza, ndi maola 1,000. Amenewo ndi masiku oposa 40, usana ndi usiku, osagona, osapita ku mzikiti, osadya. Ngakhale mutasankha zomveka bwino kwambiri za 320 kbps, zimene imodzi imafika pafupifupi 10 MB, mukulowabe 6,000. Muli nazo nyimbo 6,000 zimene mumazikonda, achimwene?

Wahokala ku Makanjira: Kkkk aphunzitsi mwandiyalutsa pagulu. Mwina 400, kuphatikiza ndi makaswida a bambo.

Aphunzitsi a ku Namwera: Ndiye zimenezo ngakhale 4 GB sizidzaza. Chimene chimadya malo ndi mavidiyo. Filimu imodzi yooneka bwino ndi pafupifupi 1 GB, ina kuposerapo. Ndiye pa 64 GB, mafilimu 40 ndi nyimbo zanu zonse zikukwana, malo n'kutsalako.

Wokhala ku Joni: Moni akwathu. Ine ndili kuno ku Johannesburg zaka zisanu ndi chimodzi, ndiye malo amene achimwene anu ajambula zithunzizo ndikuwaona m'maso. Timashopu timeneti tadzaza tizipangizo totere, mabokosi ofanana, mayina osiyana. Musawaimbe mlandu achimwenewo, munthu amaweruka atatopa, amangolowa pamene pali pafupi. Muwauze chonchi: asayang'ane nambala ya pabokosi, ayang'ane ngati kali ndi polowetsa memori khadi. Kachipangizo kakhale ndi 8 kapena 16 GB yakeyake, zilibe kanthu. Memori akagule payokha mu shopu yaikulu yopereka lisiti, ya SanDisk kapena Samsung kapena Kingston, yomata bwino m'paketi yake. Memori ya pamsewu yotchipa kuposa theka la mtengo wa m'shopu, imeneyo ndi ya amayi a usipa ija.

Mayi wa Usipa: Mwayamba kunditchula ngati chitsanzo cha m'buku tsopano 😂

Wokonza Mafoni pa Boma: Dzina lokha pa memori silikwanira, akuba amasindikizanso mayina omwewo. Ikafika bwerani nayo tidzaiyeze. Pali kapulogalamu ka pa Windows kotchedwa H2testw. Kamadzaza memori yonse mpaka pakamwa, kenako n'kuwerenga zonse kuona ngati zabwerera momwe zinalowera. Ya 64 GB imatha kutenga maola angapo, kutengera liwiro lake, koma pamapeto imanena poyera kuti yeniyeni ndi ingati. Achimwene anu ngati ali ndi mnzawo wa laputopu, ayezeretu konko lisiti likadali m'thumba. Popanda pulogalamuyo, njira ya kumudzi ndi iyi: dzazani mafilimu mpaka ikane, kenako tsegulani yoyamba, yapakati ndi yomaliza, iliyonse muithamangitse mpaka kumapeto.

China chimene chimasokoneza anthu. Memori zofika 32 GB zimabwera ndi mtundu wa FAT32, zoyambira 64 GB kupita m'mwamba zimabwera ndi exFAT. Tizipangizo tambiri totchipa timadziwa FAT32 yokha. Ndiye munthu amagula memori yabwinobwino ya 64, kuika, kachipangizo n'kunena kuti mulibe kanthu, iye n'kumati memori ndi yakufa. Si yakufa, imangofunika kufomata kukhala FAT32, ndipo pamenepo pamafunika kapulogalamu kapadera chifukwa Windows imene ambiri tili nayo siipereka mwayi umenewo pa memori yoposa 32 GB. Kuipa kwa FAT32 n'kwakuti fayilo imodzi singapose 4 GB, koma nyimbo ndi mafilimu wamba safika pamenepo. Achimwene awerenge pabokosi kapena pa kapepala ka m'kati kuti kamalandira memori yofika pati.

Wahokala ku Makanjira: Ndikulemba zonsezi kuseri kwa katoni ya sopo. Nanga za mavidiyo? Ka MP4 kabwino kangaonetse mafilimu omasulira aja?

Wobena Nyimbo pa Soko: Apa ndiye pa ine. Achimwene, dzina loti MP4 lisakunamizeni. Tambiri timene amatitchula MP4, fayilo ya MP4 yeniyeniyo sititsegula. Timafuna vidiyo ya mtundu wa AMV kapena AVI yochepetsedwa, ndiye filimu iliyonse ndiyambe ndaisintha pa kompyuta, kudikira, kenako kuika. Mukaonera, sikirini ngati bokosi la machesi, nkhope za anthu ngati phala. Mpira ndiye musayerekeze, simuona n'komwe pamene pali mpirawo. Makasitomala anga amene amaonera bwino mafilimu onse amaonera pa foni.

Aphunzitsi a ku Namwera: Ine ndi zomwe ndinachita. Foni yanga yakale ya Android ndinaichotsa simu, n'kuiika pa flight mode, memori ya 64 GB, ndi pulogalamu yoonera mavidiyo yotchedwa VLC. Imatsegula chilichonse chimene ndaiponyera. Ndimaonetserapo ana mavidiyo a sayansi, madzulo ndimaonerapo zanga. Popeza sikusakasaka netiweki, batire limakhalitsa kuposa mmene linkachitira ili ndi simu.

Wakabaza pa Mpondasi: Ndiye bwanji osangoti agule foni ina basi, nkhani ithe? Tikuvutikiranji ndi tizinthu ta makedzana?

Madala a ku Monkey Bay: Chifukwa foni ndi foni, mwana wanga. Sikirini yaikulu ija ndi imene imamwa moto. Kachipangizo ka mabatani kopangidwira nyimbo zokha kamalira tsiku lonse ndi usiku womwe pa kutchaja kumodzi, kena mpaka masiku awiri. Funsa alovi amene amapita kokoka usipa usiku ndi nyali, kapena amene anakwerapo Ilala kuchoka kuno mpaka ku Likoma. Komanso mabatani umadina kali m'thumba, manja ali onyowa. Foni ukaigwira ndi manja a nsomba imachita zake.

Wokhala ku Joni: Madala akunena zoona. Amene ali ndi ndalama amagula Walkman ya Sony, dzina lomwe lija la makaseti la 1979, koma tsopano ndi za memori khadi. Mawu ake ndi abwino zedi, mtengo wakenso ndi wa foni yabwino. Palinso tating'ono ta SanDisk totchedwa Clip, tokhala ndi kopanira pa malaya ndi wailesi ya FM, koma timeneto ndi ta nyimbo zokha, vidiyo ayi. Achimwene ayang'ane thumba lawo.

Wahokala ku Makanjira: Ndiye mukundiuza kuti chinthu chimodzi chochita zonse ziwiri bwino palibe?

Wokonza Mafoni pa Boma: Chilipo, tija ta Android tokhala ngati foni yopanda simu, koma tabwino take ndi todula, ndipo totchipa take batire silichedwa. Pa ndalama ya tizipangizo ta pa zithunzi zija, ine ndikanakhala inu ndikanapempha zinthu zitatu: kachipangizo ka mabatani ka nyimbo kokhala ndi polowetsa memori ndi FM, memori yeniyeni ya 64 GB, ndi foni yakale imene achimwene anu anaisiya m'dilowa. Anthu a ku Joni onse ali ndi foni ya m'dilowa, a ku Joni tsutsani.

Wokhala ku Joni: Ndili nazo ziwiri 🙈

Mlangizi wa Zaumoyo ku Malindi: Pepani ndikhoteko pang'ono. Zonsezi zikathera m'makutu, ndiye ndinenepo za makutuwo. A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera phokoso la madesibelo 80, ndipo phokoso likakwera, maolawo amatsika msangamsanga. Ife tilibe choyezera, ndiye muyezo wanga ndi uwu: ngati munthu waima pa kauntala akukuyankhulani inu osamumva, mwakweza kwambiri. Ngati mukachotsa mahedifoni m'khutu mukulira kuti nziii, khutu likudandaula. Kumva kukapita chifukwa cha phokoso sikubwerera. Ndipo inu a kabaza, ndakuonani anzanu ambiri pa mlatho wa Bakili Muluzi, makutu onse awiri otseka, galimoto ikuimba hutala kumbuyo.

Wakabaza pa Mpondasi: Ine ndimaika khutu limodzi lokha alangizi, linalo ndi la pasenjala.

Mlangizi wa Zaumoyo ku Malindi: Limodzilonso chotsani mukakhala pamsewu. Ndatsuka mabala okwanira.

Mayi wa Usipa: Auzeni alangizi. Wina anandigwetsera dengu lonse la utaka pa Makawa chifukwa chovina ali pa chishalo.

Mnyamata wa Gitala: Ine ndakhala chete kuwerenga, koma pali chimene chikundiwawa. Nonse mukuwerengera nyimbo 15,000, nyimbo 6,000, palibe amene wafunsa kuti oyimbawo adya chiyani. Ine ndinajambulitsa nyimbo zitatu, ndalama ya situdiyo ndinachita kugulitsa mbuzi. Lero zili m'mamemori a anthu kuyambira Chimwala mpaka Chiponde, ine osaonapo ngakhale ya sopo.

Wobena Nyimbo pa Soko: Aise, si iwe unabwera wekha ndi fulashi kudzandipempha kuti ndiziikira anthu kuti utchuke?

Mnyamata wa Gitala: Imodzi ija! Zinazo unazitenga kuti?

Aphunzitsi a ku Namwera: Mnyamatayu ali ndi mfundo, tisamuseke. Kuli bungwe la COSOMA loona za umwini wa nyimbo ndi zolembalemba, ndipo pali ndalama imene imadulidwa pa zipangizo zosungira zinthu ngati zimenezi zikamalowa m'dziko, n'kugawidwa kwa eni ntchito amene ali mamembala. Ndiye iwe wa gitala, kalembetse nyimbo zakozo, usamangodandaulira pa gulu. Ifenso tikamakonda woyimba wa kwathu, tizipita ku mashowo ake, kapena kumutumizira kangachepe.

Woyang'anira Gulu: Abale, nkhani ya oyimba ndi yofunika, koma muitsegulire mutu wakewake. Pano timalize kuthandiza a Hokala.

Wahokala ku Makanjira: Zikomo a admin. Funso lina: kutchaja. Ine ndili ndi sola yaing'ono ndi batire la galimoto. Palibe vuto?

Wokonza Mafoni pa Boma: Bola muzitchajira pa USB ya pa kontorola kapena kachaja ka galimoto kotsitsa moto kufika 5V. Osalumikiza mwachindunji ku batire, ameneyo ndi 12V, kadzapsa nthawi yomweyo. Chinanso chodabwitsa: tina totchipa tokhala ndi kabowo ka Type-C sititchaja ndi chingwe cha Type-C mbali zonse ziwiri, timafuna chija cha mutu waukulu wa USB mbali imodzi. Anthu abwera nato kuno akuti tafa, ine kungosintha chingwe basi, n'kuwalipiritsa ya fanta.

Koma mdani wamkulu kuno kwathu ndi dzuwa. Batire la lithium silikonda kutentha, ndipo inu mukudziwa mmene Mangochi amakhalira mu Okutobala ndi Novembala. Mu hokala ya malata masana muli ngati mu uvuni. Musakasiye pa shelefu ya pamwamba pafupi ndi denga, musakatchajire padzuwa pambali pa sola, musakaike pansi pa pilo kali pa moto. Sabata yatha wina anabwera ndi kake katafufuma ngati chitumbuwa, chivundikiro chakumbuyo chitakanuka chokha. Anakasiya pa dashibodi ya minibasi kuchoka pa Boma mpaka Monkey Bay ndi kubwerera. Batire likatupa chotero musaliboole, musalipanikize kuti libwerere, limatha kuyaka. Bwerani nalo tichotse.

Madala a ku Monkey Bay: Ndi mchenga. Kabowo ka mahedifoni kakalowa mchenga wa kunyanja, khutu limodzi limayamba kudukaduka. Ine yanga imakhala m'kabotolo kapulasitiki kotsekera bwino, ndinaboola pachivundikiro potulukira chingwe. Nthawi ya mwera mafunde amalowa m'boti, koma iyo siinanyowepo.

Wobena Nyimbo pa Soko: Ndiulule chinsinsi cha ntchito yathu, ngakhale anzanga andida. Memori yanu yaikuluyo musamayende nayo m'malo obenera. Makompyuta athu amalowetsedwa mafulashi a anthu ambirimbiri pa tsiku, mavayirasi sasowa. Ija yotchuka imabisa mafoda anu onse n'kusiya ma shortcut, inu n'kumalira kuti nyimbo zapita pamene zangobisidwa. Ikakugwerani musathamangire kufomata, zimabwezeka. Koma njira yabwino, khalani ndi kamemori kena kakang'ono kopita nako kobenetsa. Ndipo zimene simungazipezenso, monga vidiyo ya ukwati wanu kapena mawu a malemu, zisungeni pawiri. Memori ngakhale yeniyeni imafa tsiku lina osatsanzika.

Wahokala ku Makanjira: Mwatchula za mawu, mwandikumbutsa. Bambo anga maso anayamba kuvuta, sawerenganso. Ndimafuna ndiwaikiremo Qur'an yonse kuti ndiziwabwereka madzulo. Ikwana?

Aphunzitsi a ku Namwera: Ikwana n'kutsala malo ambiri. Kutalika kumatengera wowerenga, koma tinene maola 30: pa 128 kbps ndi pafupifupi 1.7 GB basi.

Wokonza Mafoni pa Boma: Chongosamala ndi mayina a mafayilo. Masura alipo 114, ndiye alembedwe 001, 002, 003 mpaka 114. Mukalemba 1, 2, 3, kachipangizo kamaika 10, 100 ndi 101 patsogolo pa 2, madala adzadabwa kuti zasokonekera pati. Tinanso sitiyang'ana n'komwe dzina, timatsata ndondomeko imene mafayilo analowera, ndiye pokopera muonetsetse kuti alowa motsatana, mu foda yawoyawo. Ndipo achimwene anu ayese chinthu ichi asanalipire: aimitse nyimbo pakati, azimitse, ayatsenso. Kabwino kamapitiriza pomwe kanalekera. Sura yaitali ngati Baqara, munthu wamkulu sangamayambirenso pachiyambi tsiku lililonse.

Wahokala ku Makanjira: Sikomo kwejinji nonse. Ndawatumizira achimwene chithunzi cha katoni yonse. Ayankha kuti "ndinakufunsa mphatso, iwe wanditumizira mayeso a Fomu 4." Ndidzakuuzani zikafika.

Wahokala ku Makanjira: Moni nonse, chaka chabwino. Ndabwerera ku nkhani ija ya mwezi wa Novembala. Achimwene anafika bwino. Anabweretsa kachipangizo kakuda ka mabatani, 16 GB yakeyake, FM ilimo, memori ya 64 GB ya m'shopu ndi lisiti lake, komanso foni yawo yakale yosweka pakona. Popita kukapikula katundu ndinadzera kwa a Wokonza, tinaiyeza memori, ndinadikira mpaka ndinadya nsima ya chambo pa msika, ndipo inapambana, 59 GB ndi kuposerapo pang'ono. Poyamba kachipangizo sikanaione, mpaka anaifomata kukhala FAT32 monga ananenera. Foni yakale ija ndinaiikira kamemori kena, ana a pa mudzi amadzaza pakhonde la hokala madzulo kuonera mafilimu, ndipo maswiti akuyenda kuposa kale. Ka mabatani ndinatchaja Lachisanu, kanadzathima Lamlungu madzulo.

Vuto ndi limodzi. Tsiku loyamba ndinawabwereka bambo kuti amveko masura. Mpaka lero sikanabwerere. Anasoketsa kathumba ka nsalu kwa atelala, amakavala m'khosi m'kati mwa mkanjo, pogona amakaika pafupi ndi mutu. Ndikati ndibwerekeko, amati "dikira ndimalize sura iyi," ndipo sura yake siitha. Nyimbo zanga 400 zili momwemo, sindinamveko ngakhale imodzi.

Mayi wa Usipa: Kkkkk ndiye mwagulira madala, inu bwererani ku foni yanu. Ine mnyamata uja ndinakamupepesa, ndinamupatsa mbale ya usipa.

Wokhala ku Joni: Ine ndikubwera pa Eid. Ndikutengereni kena?

Wahokala ku Makanjira: Tengani akulu, koma kakhale ka mtundu wina, kofiira kapena kobiriwira, kuti bambo asadzati n'kawo. A Wokonza, funso lomaliza: madala akuti akawerama pa swala mabatani amadinika okha n'kudumpha sura. Pali potsekera?

Wokonza Mafoni pa Boma: Yang'anani m'mbali, ngati pali kabatani kosuntha kolembedwa Hold, kakankhireni m'mwamba. Ngati palibe, tambiri timatseka mukadina batani loyatsira kamodzi mwachangu. Koma muwaonetse bwino potsegulira pake, asadzakutumeni ulendo wa ku Boma kuno kuti kafa.